Galu wa pakhomo ndi galu wa apolisi ku Furancungo

FURANCUNGO – Mlendo wofika m'midzi ya boma la Macanga m'mawa wa mwezi wa June amayamba kuona agalu asanaone eni khomo. Chisanu cha kuno kumapiri sichisewera, choncho agalu amagona atadzipinda paphulusa la moto wadzulo. Amadzuka mwana akatsegula chitseko.

Nthawi zambiri galu wa pakhomo amatchedwa wa bambo, koma womudziwa bwino ndi mwana. Mwana ndiye amamuponyera mkute ndi nkhoko za mumphika, ndiye amamuchotsa nkhupakupa m'makutu, ndiye amapita naye kudimba, kokumba mbewa ndi koingitsa anyani chimanga chikayamba kukhwima. Mnyamata wa zaka 10 sachita mantha kukalondera chigafa cha fodya madzulo ngati galu wake ali pambali. Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ana a kuno amaudziwa mwambiwu ali kutchire, asanaumve kusukulu.

Ngakhale dzina la galu lili ndi nkhani yake. Alipo a Tiger, a Leão ndi a Piloto, maina ochokera ku Malawi ndi ku Chipwitikizi monga zikhalira m'dera la m'malire. Koma mwambo wakale unali wopatsa galu dzina lonyamula mawu amene mwini wake sakanatha kuuza mnansi maso ndi maso. Mayi akaitana galu wake mokweza, wa nyumba yoyandikana ankamva yekha kuti akunena iye.

Nkhondo inadula ubale umenewu m'mabanja ambiri. Pamene anthu a ku Macanga, Angónia ndi Tsangano ankathawira ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe, ulendo unali wausiku ndi wakachetechete, ndipo galu wouwa akanatha kuulula gulu lonse. Agalu ambiri anatsala m'mabwinja. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, obwerera kwawo anayamba pansi zonse: nyumba, munda, nkhuku, ndi kamwana ka galu kopempha kwa achibale.

M'zaka zomwezo panaonekanso galu wina, wamkulu, wa makutu oimirira ndi msana wakuda. Pa Chipwitikizi amamutcha pastor alemão, koma kumudzi amangoti galu wa apolisi. Mtundu umenewu unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ndi msilikali wina wa pakavalo, Max von Stephanitz, amene ankafuna galu wanzeru woweta nkhosa. Galu woyamba kulembedwa m'kaundula wa mtunduwo anali Horand von Grafrath. Posakhalitsa apolisi ndi asilikali a maiko ambiri anaona kuti galuyu amamva msanga zimene waphunzitsidwa, ndipo anamulanda kwa abusa.

N'chifukwa chake akuluakulu amene anakhalapo m'nthawi ya atsamunda samuona ngati bwenzi la ana. Kwa iwo anali galu wa anthu a mayunifolomu. Koma nkhondo itatha, agalu ophunzitsidwa anagwira ntchito ina. Bungwe la Norwegian People's Aid linayamba kuchotsa mabomba okwirira m'chigawo cha Tete mu 1993, ndipo pa ntchitoyo linagwiritsanso agalu onunkhiza. Agalu a ntchito yotere, kulikonse pa dziko, ambiri amakhala a mtundu wa ku Germany umenewu kapena a Malinois a ku Belgium. Mu September 2015 boma linalengeza kuti minda yonse ya mabomba yodziwika m'Mozambique yayeretsedwa.

Lero mlimi amene wagulitsa bwino fodya, kapena wa ku Tsangano amene kachewere wamuyendera, akhoza kulakalaka galu wotere kuti alondere golosale kapena nyumba ya malata. Si kulakwa. Galuyu akakulira pamodzi ndi ana amawakonda kwambiri, ndipo amawatsatira ngati nkhosa zimene makolo ake ankaweta. Koma wamphongo amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, ndipo gaga yekha samukwanira: amafuna nyama, usipa kapena mazira, m'nyumba imene mwina ana omwe amadya ndiwo zotere kamodzi pa sabata. Ambiri a mtunduwu amavutikanso ndi chiuno akamakalamba. Choipa koposa ndi kumumanga pa tcheni usana wonse kuti alusire akuba. Galu womangidwa sadziwa mwana wa pakhomo, ndipo tsiku limene tcheni yaduka salekanitsa wakuba ndi mlendo. Pamenepo kagalu kofiirira ka kumudzi, kamene sikanagulidwe ndi ndalama, kamamuposa.

Pali chinthu chimodzi chimene sichisankha mtundu wa galu: chiwewe. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la OMS limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana ndiye amakhala pafupi ndi galu, ndipo akakandidwa kapena kulumidwa pang'ono amabisa, poopa kuti bambo apha mnzakeyo.

Achipatala amalangiza kuti bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, ngakhale bala likhale laling'ono. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, palibenso mankhwala. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala m'deralo. Tsidya lino la malire, katemera wa ziweto amayendetsedwa ndi ofesi ya SDAE m'boma lililonse. Tsidya linalo, mumzinda wa Blantyre, bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 mu 2015. Pamizere ya katemera wotere, ambiri obwera ndi agalu amakhala ana a sukulu, ena atawamanga ndi luzi, ena atanyamula tiana ta agalu m'manja.