Kuonjezera Mphamvu ya Galimoto Yakale

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, mseu wopita ku okushoni ya Chinkhoma umadzaza ndi magalimoto osenza mabelo. Ena mwa iwo ndi akale ndithu, oposa ife msinkhu, ndipo pachitunda amakwera mowefuka. Eni ake ambiri alibe ndalama zogulira ina yatsopano, kotero amafunsa amakaniko ngati pali njira yopatsira injini yakaleyo mphamvu zina. Njira iripo, ndipo iri m'mutu wa injini, umene amakaniko amautcha hedi. Ine ndinaiona pa tchuthi pothandiza amalume anga m'galaja, ndipo ndifuna kufotokozera anzanga. Ndinena za injini ya petulo yokha, pakuti ya dizilo ndi nkhani ina.

Hedi ndicho chivundikiro chachitsulo chokhala pamwamba pa masilinda. M'menemo muli mavalavu, mapulagi, njira zolowera ndi zotulukira mpweya, ndiponso kachipinda kamene petulo amapsera. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya wosakaniza ndi petulo. Ikakwera imaupanikiza m'kachipindako, pulagi niyatsa moto. Tsono mphamvu ya injini imalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa mpweya wolowa, ndi kukula kwa kupanikizako.

Ife a ku Kasungu tiri pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, kotero injini imene ikoka bwino ku Beira ikafika kuno imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake, ngakhale iribe vuto liri lonse.

Titenge chitsanzo cha Land Rover. M'chaka cha 1958 anayamba kuiika injini ya petulo ya masilinda 4, ya 2,286 cc. Injiniyi inakhala ndi mahedi a mitundu iwiri. Ina ipanikiza 8:1, ndiko kunena kuti mpweya wodzaza malo 8 ukanikizidwa kulowa m'malo amodzi. Ina ipanikiza 7:1, ndipo inali yoyenera maiko a petulo wofooka.

Anzanga okonda masamu ayese okha. Silinda imodzi imakoka pafupifupi 572 cc. Pa 7:1 kachipinda kaja ndi 572 kugawa ndi 6, ndiye 95 cc. Pa 8:1 ndi 572 kugawa ndi 7, ndiye 82 cc. Kusiyana kwake sikukwana masupuni atatu a tiyi! Chifukwa chake mmisiri amaika hedi pa makina napala kunsi kwake pafupifupi mamilimita awiri ndi theka, kachipinda nikachepa. Mphamvu imene ionjezeka ndi ngati magawo 4 pa 100. Ndi yochepa, koma galimoto yolemedwa imaimva, ndipo petulo amayenda mtunda wotalikirako.

Nanga bwanji osapala kwambiri? Mpweya ukapanikizidwa mopitirira umatentha, petulo naphulika yekha moto wa pulagi usanamfike. Pamenepo injini imalira ngati misomali m'chitini, ndipo kugogoda kumeneku kumatha kuboola pisitoni. Sir Harry Ricardo wa ku England ndi mmodzi wa akatswiri amene anafufuza zimenezi kalekale, naonetsa kuti maonekedwe a kachipinda ndi mtundu wa petulo ndizo zimaika malire. Pano ife tiri ndi mwayi pawiri. Mpweya wopepuka wa kumtunda uchepetsa kugogoda. Ndiponso kuyambira 1982 dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsala za nzimbe, ndipo ethanol sagogoda msanga. Komabe hedi zina ndi zopyapyala: wopala mosayeza amafika pa njira za madzi, hedi niitayika. Chitsulo chopalidwa sichibwerera. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ntchito yachiwiri ndiyo kuthandiza injini kupuma. Mmisiri amapala mwaye wouma umene umamatirira m'njira za mpweya, nasalaza tizitunda totsala pamene chitsulo chinaumbidwa. Kenaka amapera valavu iri yonse pa mpando wake ndi phala lamchenga wosalala, akuipota ndi kamtengo pakati pa zikhatho monga popeka moto. Imeneyi ndiyo ntchito imene amalume anandipatsa ine, ndipo mavalavu 8 ananditengera tsiku lathunthu. Valavu yosatseka bwino imataya mphamvu yoposa imene kupala kungabweretse.

Pali chinanso chofunika. Injini zakale anazipangira petulo wothira mtovu, umene unkateteza mipando ya mavalavu otulutsa utsi. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo maiko a kuno kwathu anauleka pofika kuchiyambi kwa 2006. Popanda iwo mpando wachitsulo chofewa umadyeka ngati galimoto isenza katundu wolemera masiku onse. Kotero pamene hedi iri pansi, ndi nzeru kuikiratu mipando yolimba.

Pobweza hedi pafunika gasiketi yatsopano, ndipo mabawuti amangidwe mwa dongosolo, kuyambira pakati kunka kunja, ndi sipanala yoyeza mphamvu. Pambuyo pake nthawi yoyatsira moto aikonzenso.

Mlimi asanalipire kanthu ayambe wafunsa mafunso atatu. Kodi hedi iribe mng'alu? Kodi sinapalidwepo kale? Kodi mapisitoni ndi maberingi ali bwino? Pakuti hedi yamphamvu pamwamba pa injini yotha imangofulumizitsa imfa yake, ndipo galimoto ikafa m'nyengo ya malonda, ndalama za fodya zimathera kwa eni malole aganyu. Asaiwalenso mabuleki, chifukwa katundu wokwera chitunda ayenera kutsikanso.

Wophunzira wa Fomu 3