Wamanga Nyumba, Koma Lendi Siinathe

Pakati pa anthu olandira malipiro a pamwezi m'dziko muno, palibe loto limene limasimbidwa kaŵirikaŵiri kuposa la kukhala ndi nyumba yakoyako. Mphunzitsi amene wakhala zaka 20 m'nyumba ya pasukulu amadziŵa kuti tsiku lopuma ntchito likadzakwana adzabweza makiyi. Mnyamata amene wangoyamba ntchito ku Kanengo kapena ku Makata, napeza kachipinda ku Area 25 kapena ku Ndirande, amadziŵa kuti mwezi watha akamva mwini nyumba akugogoda. Onse aŵiri amaganiza chimodzimodzi: ndikadzangoloŵa m'nyumba yanga, za lendi zatha. Maganizo ameneŵa ndi oona pang'ono chabe. Lendi siitha ayi. Chimene chimasintha ndi woilandira ndiponso nthaŵi yoiperekera, pakuti mwini nyumba uja ankabwera pakutha pa mwezi, pamene nyumba yanuyo imaitanitsa ndalama tsiku limene yafuna.

Tiyambe ndi za mapepala, zimene sizifuna mau ambiri. Malo ambiri a m'mizinda munthu sapatsidwa kuti akhale ake mpaka muyaya. Amabwerekedwa kwa zaka zoŵerengeka, kaŵirikaŵiri 99, ndipo chaka ndi chaka pamakhala ndalama yolipira kwa mwini nthaka, kaya ndi Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, kapena bungwe la Malawi Housing Corporation limene linakhazikitsidwa mu 1964. Pamwamba pa apo khonsolo imafunanso msonkho wake wa nyumba. Zonsezi munthu wa lendi ankalipira osadziŵa, chifukwa zinkabisala m'ndalama ya pamwezi ija. Amene anamanga ndi ngongole ali ndi katundu winanso. Makolo athu ankapita ku New Building Society, imene inasanduka NBS Bank mu 2004. Dzina linasintha, koma chiwongoladzanja sichinaphunzire chifundo.

Mdani weniweni wa nyumba, komabe, sali mu ofesi iliyonse. Mdaniyo ndi madzi. Aphunzitsi anzanga a masamu andilole ndibwereke choko chawo pang'ono. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pamapezeka lita imodzi ya madzi. Tsono tiyerekeze denga la nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ndipo usiku umodzi kwagwa mvula ya mamilimita 25, imene si yachilendo m'mwezi wa Januwale. Denga limenelo latsitsa malita 2,000, ndiye kuti migolo 10 ya malita 200, ndipo madzi onsewo agwera m'mbali mwa khoma, pafupi ndi maziko. Ngati palibe khonde la simenti lozungulira nyumba ndi ngalande yowatsogolera kutali, madziwo amaloŵa pansi, dothi limafeŵa, ndipo pakapita zaka ziŵiri kapena zitatu mng'alu umayamba pakona ya zenera kutsikira pansi. Tonse tikukumbukira matope amene anatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba ku Chilobwe m'mwezi wa Malichi 2023, pa nthaŵi ya namondwe wa Freddy. Limenelo linali tsoka lalikulu loposa mphamvu ya munthu. Koma mvula ya masiku onse imagwira ntchito yofananayo mwakachetechete, makamaka kwa amene anamanga pamtsetse osakumba ngalande kumtunda kwa nyumba.

Dengalo nalo lili ndi nkhani zake. Ambiri pogula malata sadziŵa kuti nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: la geji 28 ndi lochindikala kuposa la geji 32. Munthu amene ndalama zamuthera pamene khoma lafika pamwamba amathamangira lotsika mtengo, ndipo sindimuweruza, pakuti denga lopyapyala liposa kugona panja. Chofunika ndi kudziŵa kuti wagula denga la zaka zochepa, limene dzimbiri lidzayamba msanga kulidya m'malo mwa misomali. Mmisiri wodziŵa ntchito amakhoma msomali pamsana pa lata, osati m'chigwa mmene mumayenda madzi. Pamene padontha, phaso limanyowa. Phaso lonyowa limaola, ndiponso limaitana chiswe. Chiswe ndi mbala yaulemu: chimadya mkati mwa thabwa nkusiya khungu lakunja lili bwinobwino, kotero kuti mwini nyumba amazindikira tsiku limene felemu ya chitseko yabooka ndi chala. Timizere ta dothi tokwera khoma ndiwo misewu yake. Amene watiwona asangotisesa ndi tsache. Afufuze kumene tachokera.

Chinyezi chokwera kuchokera pansi chimadziŵika ndi penti yotukumuka ndi pulasitala yofumbutuka m'munsi mwa khoma. Chimachitika pamene omanga sanayale pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko. Pepalalo ndi lotsika mtengo pa tsiku lomanga, koma kuliika nyumba itatha kale ndi ntchito ina yaikulu. Kupakapo penti yatsopano kuli ngati kuvala malaya oyera pa chilonda.

Tsono onani nthaŵi imene mavuto onseŵa amaonekera. Denga silidontha mu Julayi. Limadontha mu Disembala ndi Januwale, miyezi imene feteleza akufunika kumunda, ana akufuna fizi ya teremu yachiŵiri, chimanga chakwera mtengo pamsika, ndipo malipiro a Disembala anapita ndi Khirisimasi. Chimbudzi chokumba chimagumuka m'miyezi yomweyo. Mpanda wa njerwa umagwa m'miyezi yomweyo. Ichi ndicho chimene chimagwetsa mphwayi eni nyumba atsopano: sikuti ndalama zokonzera nyumba zimaposa lendi ya chaka chonse, koma zimafunika zonse pamodzi pa nthaŵi imene thumba lili lopepuka. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Palinso mtolo wina umene anthu sakonda kuutchula poyera. Munthu wa lendi amatha kuuza abale kuti mwini nyumba salola anthu ambiri. Mwini nyumba alibe wina womunamizira. Mphwake wolemba mayeso a Fomu 4, mlamu wofuna ntchito m'tauni, azakhali odikira tsiku la kuchipatala, onse amabwera, ndipo nkoyenera kuti abwere, pakuti ena a iwo anasenzako mchenga pomanga. Koma mayunitsi a magetsi amatha msanga, bilu ya madzi imakwera, ndipo dzenje la chimbudzi limene linakumbidwira anthu asanu limadzaza pa theka la nthaŵi yake. Ndi bwino kuŵerengera zimenezi poyamba kusiyana ndi kuyamba kuonetsa alendo nkhope yakuda.

Maganizo anga ndi akuti munthu woloŵa m'nyumba yake asaleke kulipira lendi. Aziipereka kwa nyumbayo. Ngati ankapereka K60,000 pamwezi, apatule K20,000 mwezi uliwonse, ngakhale nyumba ikuoneka yatsopano, makamaka pamene ikuoneka yatsopano. Kusunga ndalamazo m'thumba kwa zaka zambiri kuli ndi vuto lake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zitsulo zopangira malata, penti ndi mapaipi zimatsatira mtengo wa ndalama zakunja. Choncho ndi nzeru kusandutsa gawo la ndalamazo kukhala katundu wosaonongeka: malata aŵiri kapena atatu, misomali, mpopi wapadera. Simenti yokha musaisunge nthaŵi yaitali, chifukwa imakoka chinyezi nkuuma m'thumba momwemo; muigule sabata imene mmisiri akubwera.

Ntchito yokonza ichitike kuyambira Juni mpaka Sepitembala, pamene matabwa ali ouma ndipo dothi likukumbika popanda matope. Kwa mphunzitsi, tchuthi chachikulu cha Ogasiti chimagwa pa nthaŵi yabwino. Sankhani tsiku la dzuŵa, muloŵe m'nyumba masana, mutseke zitseko ndi mazenera, ndipo muyang'ane kudenga. Ngati muli siling'i, mukwere pamwamba pake. Paliponse pamene kadontho ka kuŵala kakuloŵa, pamenepo mvula idzaloŵanso. Lembanipo chizindikiro ndi choko, muŵerenge zizindikirozo, ndipo mukapite nacho chiŵerengerocho kwa mmisiri musanayambe kukambirana za mtengo.