Maluwa a mkwatibwi ndi dzuwa la Okutobala

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, Loweruka lililonse misewu ya ku City Centre mu Lilongwe imasanduka ya akwati. Maofesi a ku Area 13 ndi ku Capital Hill amakhala otseka, koma mu Presidential Way mumadutsa midadada ya magalimoto omangidwa maliboni, mahutala akulira, anyamata ojambula atatulutsa mitu pamawindo. Ena akuchokera ku tchalitchi cha ku Maula, ena ku St Patrick's ku Area 18, ena ku Lingadzi CCAP kapena ku St Peter's ku Area 3. Ambiri amayamba apatukira ku Botanic Garden kukajambulitsa, kenako n'kulowera ku BICC, ku holo ya mpingo, kapena ku tenti yokhomedwa pa kapinga wa nyumba ina ku Area 10 kapena ku Area 43. M'galimoto ya kutsogolo, pamiyendo pa mkwatibwi, pamakhala mpukutu wa maluwa umene anaunyamula dzuwa lisanakwere.

Ukwati wa kuno ndi wautali, ndipo aliyense wosankha maluwa ayambire pamenepo. Mkwatibwi amavala m'mamawa. Mwambo wa m'tchalitchi umatenga maola awiri kapena kuposa. Zithunzi zimajambulidwa masana, nthawi imene dzuwa la Okutobala limafikitsa kutentha kupyola madigiri 30. Madyerero amayamba cha m'ma 1 kapena 2 koloko, ndipo perekaniperekani akakoma, woyendetsa mwambo akuitana akuchimuna, akuchikazi, a kuntchito, a kumpingo, anthu amabalalika kukuda. Nthawi yonseyi duwa lija lakhala kunja kwa madzi, likufinyidwa m'dzanja lathukuta, kuvinitsidwa, kuikidwa pa mpando wa galimoto yotentha. Duwa lokongola 7 koloko m'mawa n'losavuta kupeza. Limene tikufuna ife ndi loti likhalebe chilili pamene akwati akudula keke.

Makolo athu sankadziwa za mpukutu wa maluwa. Zizindikiro za banja zinali zina, ndipo zilipobe pa chinkhoswe: ankhoswe kusinthana tambala ndi thadzi, mwamuna kulandira khasu ndi nkhwangwa, mkazi kulandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache. Chilichonse mwa izi chimanena za ntchito imene ikudikira awiriwo. Velo yoyera ndi maluwa zinabwera ndi ukwati wa m'tchalitchi, ndipo kwa azungu zovala zoyera zinatchuka ndi Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene pokwatiwa mu 1840 inavala zoyera ndi nkhata ya maluwa a malalanje kumutu. Sindikuona chifukwa chonyozera mwambowu kuti ndi wobwera. Tinaulandira, tinaulowetsa nthungululu ndi magule athu, ndipo lero ndi wathu. Koma poti ndi wathu, uyenera kumvera nyengo yathu ndi thumba lathu.

Masiku ano kusankha kumayamba ndi mtundu wa nsalu. Mkwatibwi amanena kuti ukwati wake ukhala wa mtundu wakutiwakuti, wofiirira ndi wagolide, kapena wobiriwira ndi woyera, ndipo madelesi a operekeza, mataye a anyamata, makadi ndi nsalu za pa matebulo zimatsata pomwepo. Maluwa amabwera pambuyo pake. Amapita kwa wokongoletsa pamalo atanyamula foni yodzaza zithunzi za pa Pinterest ndi Instagram, n'kuloza: "Ndikufuna ngati awa." Kawirikawiri zimene akulozazo ndi maluwa otchedwa peony kapena tulip, amene amafuna chisanu choopsa kuti aphuke ndipo kwawo ku Ulaya amamasula nyengo yozizira ikangotha. Chithunzicho chinajambulidwa duwa litangotuluka m'chipinda chozizira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wokongoletsa wachilungamo amamuuza mwana wa eni akeyo kuti, "Achemwali, awa kuno sangafike masana." Wofuna ndalama yekha amangovomera.

Rozi ndiye mfumu ya maukwati a mu Lilongwe, ndipo mpake, chifukwa limapirira, limapezeka m'mitundu yambiri, ndipo aliyense amalidziwa. Alipo alimi amene amalima marozi kuno kwathu, koma aja a mutu waukulu ndi tsinde lalitali nthawi zambiri amachita kuitanitsa kunja. Dziko la Kenya, makamaka minda yozungulira nyanja ya Naivasha, ndi limodzi mwa maiko otsogola pa dziko lonse pogulitsa marozi, ndipo ambiri amakathera ku msika waukulu wa Aalsmeer ku Netherlands. Ena obwera kuno amachokera ku Johannesburg. Duwa lotere limakwera ndege, n'kutsikira ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera, maluwa omwe. M'komiti ya ukwati, mzere wa dekoleshoni ndi umene umautsa mkangano tsopano. Amalume amafunsa kuti maluwa amadyedwa kodi, azakhali n'kuyankha kuti mwana amakwatiwa kamodzi. Onse awiri akunena zoona.

Chimene chingawayanjanitse ndi kudziwa maluwa okha. Chrysanthemum ndi carnation anthu amawaderera kuti ndi wamba, koma amatha sabata kapena kuposa ali bwinobwino, ndipo oyera ake akasakanizidwa ndi marozi ochepa palibe amene amawerenga kuti marozi alipo angati. Gypsophila, timaluwa ting'onoting'ono toyera tija, timadzaza mipata ndipo ngakhale titauma timaonekabe bwino. Anthurium, heliconia ndi strelitzia, uja amaoneka ngati mutu wa mbalame, ndi maluwa a kotentha, a khungu lolimba, ndipo amamera m'mabwalo a nyumba zambiri za ku Area 9, Area 12 ndi Area 47. Protea, amene anthu amangoti ndi wa ku South Africa ngakhale abale ake amamera m'mapiri mwathu ngati ku Nyika, amatha tsiku lonse osagwetsa nkhope. Arum lily woyera, wokonda malo achinyontho ndi ozizira, ndi wodekha m'manja mwa mkwatibwi wovala velo yosachulutsa zokometsera: atatu kapena asanu atamangidwa ndi liboni akwanira.

Ena ndi achinyengo. Hydrangea amakopa chifukwa mutu umodzi umadzaza dzanja, koma amamwa madzi kwambiri, ndipo akangowasowa pang'ono amalefuka. Ngati mkwatibwi wamukonda, aikidwe m'botolo la madzi pa tebulo la akwati, asalowe m'mpukutu. Bougainvillea amawala pa mipanda yonse ya mzindawu m'chilimwe, koma akadulidwa sachedwa kufota ndi kuyoyoka. Frangipani amanunkhira bwino, koma akagwidwagwidwa amada m'mbali. Ndipo lily wamkulu uja wonunkhira ali ndi ufa wachikasu pakati pake umene ukakhudza velo yoyera suchoka msanga. Wodziwa ntchito amathothola timitu ta ufawo duwa likangotsegula. Ambiri amabwereka velo, ndipo banga limodzi lotere ndi mlandu ndi mwini wake Lolemba.

Pali nkhani ina imene achinyamata saiganizira koma amayi akuluakulu amaiona msanga. Kwa Amalawi ambiri, maluwa odula tinawadziwira pa maliro. Imfa ikagwa, amayi a m'dera amathyola bougainvillea ndi maluwa ena a pa mpanda n'kuluka nkhata zokaika pa manda. Ndiye mpukutu kapena chokongoletsa cha pa galimoto chikapangidwa mozungulira, chathyathyathya, ndi maluwa omwe aja, pamakhala wina amene mtima umamugunda. Sanena pagulu, koma amakanena kunyumba. Ena angati n'zachikale. Ine ndikuti ukwati ndi wa mabanja awiri, ndipo kufunsa azakhali kapena agogo kuti, "Kodi awa mukuwaona bwanji?" sikuchotsa kanthu pa chisangalalo cha mkwatibwi. Kumawapatsa iwo malo pa tsiku limene zambiri zimayendetsedwa ndi anthu olembedwa ganyu.

Kumpingo nakonso kuli malamulo ake. Ku Katolika guwa silikongoletsedwa ndi maluwa m'nyengo ya Lenti, kupatula masiku ochepa a chikondwerero. M'mipingo yambiri muli amayi, a Chigwirizano kapena a magulu ena, amene amasesa ndi kukonza m'tchalitchi sabata ndi sabata, ndipo wokongoletsa wobwera ndi makwerero ake ayenera kuyamba wawapeza. Nthawi ya maukwati ambiri zimachitika kuti mabanja angapo amadalitsidwa m'mawa umodzi. Apo n'kwanzeru kuti makomiti akumane, asonkhe, asankhe zoyera ndi zobiriwira zimene sizingatsutsane ndi delesi la aliyense, maluwawo n'kutsala pa guwa kuti akhristu awapeze Lamulungu.

Tsono maluwa apulasitiki. Amadzaza m'masitolo a ku Old Town, ku Area 2 ndi cha ku Bwalo la Njobvu, ambiri ochokera ku China, ndipo makhoma a maluwa amene akwati amajambulitsirapo m'maholo athu pafupifupi onse ndi otere. Sindiwanyoza. Safota, saopa kuzima kwa magetsi, ndipo wokongoletsa amawagwiritsa ntchito maukwati ambirimbiri, n'chifukwa chake banja la mphunzitsi kapena la namwino limatha kukwanitsa holo yooneka bwino. Pamwamba pa chipata, pa denga la tenti, kumbuyo kwa akwati, kumene diso limaonera patali, apulasitiki agwire ntchito. Koma chimene mkwatibwi anyamule m'manja, chimene chikhale pachifuwa pa mkwati ndi pa zovala za makolo, chikhale chamoyo. Amene amabwera kudzamukumbatira mkwatibwi amamva fungo lake, ndipo iye mwini amaliyang'ana nthawi yonse imene abusa akulalikira. Ndalama yochepa imene ilipo ipite pamenepo.

Ndi masamba omwe tisawaiwale, poti theka la mpukutu wabwino ndi zobiriwira. Masamba anthete a bulugama, a fern, a kanjedza wa m'miphika, ngakhale ngala za mapira ndi udzu wouma wa m'dambo zikaikidwa ndi dzanja laluso, zimakongoletsa holo pa mtengo wochepa. Ukwati wa mu Juni kapena Julayi, mphepo ya mwera ikuomba, uli ndi mwayi wina: maluwa osalimba amapirira, poinsettia amakhala atafiira, ndipo aloe amakhala atamasula. Wa kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala uli ndi jacaranda, wa mu Novembala uli ndi flamboyant wofiira. Awa si odula ayi. Ndi oimirira pansi pake pojambulitsa, ndipo salipiritsa.

Ntchito yeniyeni imachitika Lachisanu, ndipo amene amaigwira saonekera pa zithunzi. Maluwa a m'munda amadulidwa m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Tsinde limadulidwanso mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, masamba a m'munsi amasadzulidwa kuti asaolere m'madzi, ndipo ndowa imayenera kukhala yotsukidwa bwino. Ena amathira shuga pang'ono ndi kadontho ka Jik kuti madzi asanunkhe. Ndowazo zimagona m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumbamo, kutali ndi nthochi, mapapaya ndi tomato wa pa phwando, chifukwa zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya umene umakalambitsa maluwa. Pa tsiku lenilenilo, mmodzi mwa operekeza apatsidwe ntchito imodzi yokha: kabotolo kopopera madzi ndi kansalu konyowa, kuti pamene akwati akudya kapena akusintha zovala, mpukutu upume pa mthunzi.

Wofuna kudzithyolera yekha maluwa asamale. Mvula ikagwa mu Disembala ndi Januwale, m'tchire mumamera flame lily, duwa lofiira ndi lachikasu looneka ngati lawi la moto, limene ndi chizindikiro cha dziko la Zimbabwe. N'lokongola zedi, koma mmera wonse ndi wapoizoni, makamaka muzu wake, ndipo pa ukwati pamakhala ana oyendayenda. Oleander wa pa mipanda nayenso ndi chimodzimodzi. Ku Nyika kuli mitundu ya orchid yoposa 200, koma ina ikutha kale chifukwa chokumbidwa kuti apangire chinaka, ndiye tisaonjezere vuto pofuna kudabwitsa alendo. Ndipo a ku Botanic Garden ndi oonera ndi maso. Mabedi ake sangapirire ngati gulu lililonse la operekeza lithyolapo limodzi.

Anthu amene ndimalakalaka makomiti atawakumbukira ndi aja ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu ya mzindawu, amene amathirira mbewu zawo za m'timachubu takuda ndi ndowa tsiku lonse. Ukwati sudzidzimutsa: tsiku limadziwika miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka chisanafike. Ndi nthawi yokwanira kupangana ndi mlimi wotere kuti adzale zimene mukufuna, kapena kuika geranium, fern ndi anthurium m'miphika ya dothi ya ku Dedza kuti idzakhale pa matebulo. Ndalama imatsala mu Lilongwe momwe muno. Madyerero akatha, miphikayo imagawidwa kwa ankhoswe, kwa makolo a mbali zonse ndi kwa amayi amene anaphika, ina n'kupita ku khonde la nyumba yatsopano.

Chatsala ndi mwambo woponya maluwa, pamene atsikana osakwatiwa amaunjikana kumbuyo kwa mkwatibwi kuti wowakha ndiye akhale wotsatira. Mpukutu wa protea kapena strelitzia ndi wolemera, ndipo wina ungamupweteke kumaso. Okongoletsa odziwa amamanga kachiwiri kakang'ono kuchokera pa zotsala, ka carnation ndi gypsophila, kopepuka ndi kopanda minga, n'kukasunga pansi pa tebulo la akwati mpaka woyendetsa mwambo ataitana. Waukulu uja mkwatibwi amapita nawo, kapena amaupereka m'manja mwa mayi ake asanakwere galimoto.