Masambanjati ndi Anthu Ache

Munthu wochokera ku Limbe, akafuna kunka ku Masambanjati, ayamba wafika pa Boma la Thyolo, limene Azungu akale analilemba Cholo. Pamenepo asiya mseu wa ku Mulanje, natsata wina wolunjika kumwera. Apitirira Makwasa, kumene kuli mishoni ya Malamulo, imene a Seventh-day Adventist anayamba m'chaka cha 1902, ndipo asanafike ku Thekerani apeza Masambanjati. Si mudzi waukulu ai. Pali msika, masitolo, nyumba za Mulungu ndi masukulu, ndipo midzi yaing'ono iri mbali zonse pa zitunda.

Dzina lache liri ndi mau awiri. Wina akalimva aganiza za masamba, popeza anthu a kuno atchula tiyi kuti masamba. Wina aganiza za dziwe posamba nyama. Koma onse amvamo njati. Lero mwana wa ku Masambanjati wofuna kuona njati ayenera kutsikira ku chigwa, ku nkhalango za Lengwe kapena Majete, pakuti kwao malo onse atha ndi minda.

Dziko limeneli liri pamwamba, kumapeto kwa mapiri a Shire. Kumadzulo kwache nthaka itsetsereka kwambiri kufikira ku chigwa chotentha cha mtsinje wa Shire. Kum'mawa itsikira ku mtsinje wa Ruo, umene uli malire a Malawi ndi Mozambique. Pa Ruo pali mathithi a Zoa, ndipo madzi ache akomana ndi Shire pa Chiromo. Pakati pa mitsinje iwiriyi malo osalala ndi ochepa. Pali zitunda ndi zigwembe zokhazokha, kotero kuti mudzi wooneka pafupi patsidya, munthu aufika atatuluka thukuta.

Mvula igwa yambiri kuyambira Novembala kufikira Epulo. Ndipo m'miyezi yozizira, pamene maiko ena auma gwa, kuno kufika chiperoni, ndiyo nkhungu ya mvula yowaza imene ikhala masiku awiri kapena atatu osaoneka dzuwa. Mphepo yache ichokera ku nyanja yaikulu ya mchere, ndipo dzinalo lichokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ana sachikonda chiperoni, chifukwa zobvala siziuma ndipo njira ya ku sukulu iterera. Koma ndicho chisunga chinyontho m'nthaka yofiira ya kuno, ndipo mtengo wa tiyi ufuna chinyontho chaka chonse.

Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, nafika ku Thyolo pambuyo pache. M'chaka cha 1908 njanji yochokera ku Nsanje inafika ku Blantyre, kudzera m'mbali mwa Ruo ndi pa Luchenza, ndipo kunyamula katundu kunayamba kupepuka. Minda yaikulu inachuluka, monga Satemwa, umene unayamba m'chaka cha 1923, ndi Naming'omba, Makandi ndi Conforzi. Wothyola tiyi atenga timasamba tiwiri tanthete ndi kansonga kache, naponya m'dengu la kumsana; madzulo dengulo liyesedwa pa sikelo, ndipo masamba apita ku fakitale tsiku lomwelo asanaonongeke.

Kodi anthu ambiri otere anachokera kuti? Eni dziko akale ndiwo Amang'anja, anthu odziwa kusula makasu ndi kuomba nsaru. Koma m'zaka zoyamba za ulamuliro wa Angerezi, Harry Johnston ali Bwanamkubwa, Azungu anapatsidwa makalata obvomereza kuti malo akulu a ku Thyolo ndi ao. Malo anali nao, koma manja olima analibe. Nthawi yomweyo Alomwe anali kuthawa kwao ku Mozambique chifukwa cha msonkho wowawa, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndi njala. Anaoloka Ruo mabanjamabanja, kuyambira chaka cha 1900 chisanafike, ndipo anabwerabe zaka makumi angapo. Eni minda anawalandira, nawapatsa pomanga nyumba ndi polima. Koma mwamuna ali yense anayenera kulipira malowo ndi ntchito ya m'munda wa Mzungu, makamaka m'nyengo ya dzinja, pamene munda wache womwe unali kufuna khasu. Ntchito imeneyi inatchedwa thangata. Kale mau awa anali okoma, onena za kuthandizana pa ntchito. Pa minda ya Azungu anasanduka mau owawa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962.

Chotero lero ambiri a ku Masambanjati ndi Alomwe, ndipo akhala pamodzi ndi Amang'anja, nakwatirana nao. Pa msika onse alankhula Chinyanja, koma nkhalamba zina zikumbukirabe chinenero cha makolo ao. Gule wa tchopa abvinidwabe, ndipo akazi adziwa kuphika kalongonda, nyemba zija zimene ziyenera kuwira nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kuti zisapweteke munthu. Mwa mitundu iwiri yonseyi mwana atsata kwa amache, ndipo mwamuna akakwatira apita kukakhala kwa mkazi. Munda wa mai ugawidwa kwa ana ache akazi. Ana akaziwo adzagawiranso ao.

Apa ndipo pali nkhani yaikulu. Pa kalembera wa chaka cha 1998, boma lonse la Thyolo linali ndi anthu 458,976. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 721,456. Koma dziko silinakule. Liri makilomita 1,715 m'bwalo lache monga kale. Munthu akayesa malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, apezamo anthu oposa 400, pamene ku Rumphi malo omwewo sakwana anthu 60. Ndipo pa malo amenewa pachotsedwe minda ya tiyi, imene iri pa nthaka yabwino koposa. Otsalawo ndiwo a chimanga, nandolo, chinangwa, nyumba ndi manda. Mabanja ambiri alima kadimba kosafika ekala imodzi, ndipo chakudya chitha asanakolole china. Chifukwa chache anyamata apita kukathyola tiyi, ena ku Limbe, ena mpaka ku Johannesburg.

Malo akachepa, anthu akwera ndi khasu pamene makolo ao sanalime. Nkhalango yakale ya pa phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse m'zaka zozungulira 2000, ndipo chigawo chooneka bwino chinatsala m'munda wa Satemwa. Pa phiri lopanda mitengo mvula siilowa pansi. Ithamanga, nitenga nthaka yapamwamba, niipititsa ku Ruo. Woima pa mlatho m'mwezi wa Januwale aona madzi ofiira ngati katondo. Kufiirako ndiyo minda ya anthu. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wochedwa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'maboma a kumwera, ndi Thyolo yemwe.

Mbeu imene inathandiza kwambiri pa zitunda izi ndiyo nthochi. Mizu yache igwira nthaka, masamba ache aphimba pansi, ndipo mkoko upsa mwezi uli wonse, kotero kuti mwini wache sasowa ya mchere ndi ya sopo. Magalimoto anali kudzaza nthochi pa misika ya kuno kunka nazo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma pambuyo pa chaka cha 2000 inafala nthenda ya chisaka, imene iyenda ndi tizirombo tating'ono toyamwa madzi a nthochi. Mtengo wodwala ufupika, masamba ache aunjikana pamwamba, ndipo subala. Mankhwala ache palibe. Alangizi anauza anthu kuti azule phata lonse ndi kulitentha, ndipo ambiri anakana poyamba, pakuti nkobvuta kuzula chimene agogo anabzala. Pambuyo pache anazula, nalandira mbeu yopanda nthenda, nayamba kubzalanso m'mbali mwa zigwembe ndi kuseri kwa nyumba.