Mbewu amasankhira kumunda

Mlimi wa mapira ku Ngabu kapena kwa Tengani sadikira kuti zokolola zilowe m'nkhokwe kuti aganize za mbewu ya chaka chamawa. Amayenda m'munda mapira akali chiimire, n'kumadula ngala zokhwima bwino, zodzaza, zimene mbalame sizinajompheko, n'kuzimanga pazokha. Ngalazo amazipachika kutsindwi, pamwamba pa moto, kuti utsi uzipirikitsa anankafumbwe. Ufa utha kutha m'nyumba mvula isanagwe, koma ngala zija sazikhudza. Mwambo umenewu ukhoza kutithandiza kumvetsa mtundu wina wa ndalama za maphunziro umene ana a ntchito zamanja kuno kuchigwa cha Shire sakuufikira: thandizo losabweza limene boma limapereka kwa wophunzira chifukwa chakuti wachita bwino koposa anzake.

Anthu ambiri ndalama zonse za sukulu amangoziti basale, pamene n'zosiyana. Basale amapatsa mwana amene kwawo kulibe fizi, monga mmene timapatsirana chakudya pakhomo pakagwa njala, ndipo chimene amafunsa n'chakuti wasowadi kapena ayi. Ngongole ndi mapira obwereka, mudzabweza mukakolola. Thandizo la ochita bwino ndiye ngala zija. Silibwezedwa, komanso si mphatso yongosangalatsa munthu. Dziko limapatula mnyamata kapena mtsikana amene manja ake aonetsa luso, n'kumulipirira kuti apitirire, podziwa kuti mwa iyeyo mudzatuluka amisiri ena ambiri.

M'malamulo athu nzeru imeneyi ilimo. M'chaka cha 2015 kunakhazikitsidwa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo ntchito yake ndi iwiri: kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ndi kupereka thandizo losabweza kwa ochita bwino kwambiri. Koma bungweli linapangidwa maso ali ku mayunivesite. Wophunzira zowotcherera, zamipope kapena zamagetsi ali mbali ina, pansi pa TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. TEVETA imayendera msonkho umene olemba anthu ntchito amapereka, K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo. Ndalama zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti wophunzira wosankhidwa ndi TEVETA azilipira fizi yotsika poyerekeza ndi mnzake wodzilipirira yekha, ndipo ena osowa amathandizidwaponso. Zonsezi n'zabwino, ndipo palibe angazinyoze. Kungoti zimathandiza mwana kulowa pakhomo la koleji. Funso la amene wamaliza ali patsogolo pa anzake onse, kuti apite kuti tsopano, nthawi zambiri limatsalira makolo ake.

Maphunziro a ntchito zamanjawa, otchedwa TEVET, ali ndi makwerero, kuyambira satifiketi yoyamba mpaka kufika pa dipuloma. Makoleji a m'madera, amene Pulezidenti Peter Mutharika anawatsegulira ku Ngara m'boma la Karonga mu 2015, anabweretsa makwerero apansi pafupi ndi mudzi, ndipo ku Nsanje kuli koleji yotere kwa Tengani. Koma wofuna kukwera pamwamba ayenera kukwera phiri la Thabwa. Makoleji akuluakulu ali kumtunda: Soche ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, ena ku Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Wofuna digiri yophunzitsira amisiri anzake akalowe ku yunivesite ya MUBAS. Apa mpamene mwana wa ku Makhanga amathera. Fizi ndi mbali imodzi chabe. Pali thiransipoti, lendi ya kachipinda ku Blantyre, chakudya, nsapato zogwirira ntchito, zipangizo zakezake, ndi miyezi yokaphunzira ntchito kukampani imene kawirikawiri amadzidyetsa yekha. Banja limene mbuzi zake zinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 silingasenze zonsezi. Mwana uja amabwerera, n'kukhala pamsika wa Bangula kumawotcherera mafelemu a njinga ndi makina obwereka. Ntchitoyo si yonyozeka, ndipo imadyetsa banja. Koma ndi ngala yambewu imene yasinjidwa kuti ikhale nsima ya tsiku limodzi.

Zimandipweteka kwambiri chifukwa chigwa chino chili ndi ludzu la amisiri. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, inakonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 43,000. Ngalande sithera pokumba. Imafuna anthu osamalira zitseko za madzi, okonza mapampu, odziwa konkire yosatayitsa madzi, kwa zaka makumimakumi. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya magetsi a mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tinaona mu mdima uja kufunika kwa anthu odziwa zitsulo ndi magetsi. Onjezanipo fakitale ya shuga ya Illovo ku Nchalo, fakitale ya PressCane, minda ya nzimbe ya Kasinthula ndi Phata, ndi njanji ya Marka mpaka Bangula. Ngati sitiphunzitsa ana athu mpaka pamwamba, ntchito zapamwamba m'malo onsewa zizigwiridwa ndi obwera, eni nthaka akunyamula matumba a simenti.

Maiko ena anaiona kale nkhaniyi. Ku Germany, kuyambira 1991, boma limapereka thandizo kwa achinyamata osakwana zaka 25 amene amaliza maphunziro a ntchito zamanja mopambana, kuti kwa zaka zitatu aziwonjezera luso, ena mpaka kufika pa udindo wa mmisiri wamkulu wololedwa kuphunzitsa ena. Chimene ndimachikonda pa njira yawoyo n'chakuti osankha ndi mabungwe a amisiri ndi amalonda a m'dera lililonse, omwewo amene amayesa mayeso, osati ofesi imodzi ya kulikulu.

Mfundo imeneyi ndiyo yofunika kwambiri kwa ife, ndipo mlimi wa mapira amaidziwa bwino. Ngala ya m'dimba, pamene pali chinyontho chaka chonse, imakula kuposa ya kumtunda kouma. Wongoyang'ana kukula kwa ngala adzatenga za m'dimba zokhazokha, n'kusiya mbewu imene yapirira dzuwa, yomwe ndiyo yoyenera nthaka yake. Ndi chifukwa chake amasankhira kumunda, akuona pamene phesi lamera. Thandizo la ochita bwino likamaperekedwa pongoyika mamalikisi a dziko lonse pamndandanda umodzi, lidzathera kwa ana a m'tauni amene aphunzira ndi makina okwanira, magetsi osazimazima ndi aphunzitsi okhazikika. Mtsikana amene waphunzira zamagetsi kwa Tengani, sukulu yake ya sekondale itakhalapo msasa wa othawa madzi kwa milungu yambiri, sangapikisane nawo papepala, ngakhale atakhala ndi mutu ndi manja oposa onsewo. Koleji iliyonse ikhale ndi malo akeake, pa luso lililonse, ndipo atsikana akhale ndi gawo lawo losalandidwa.

Kusankhako kuyenera kuona ntchito ya manja. Khoma laima mowongoka kapena lapendama, chowotcherera chagwira kapena chathyoka pochimenya ndi hamala, mpope ukudontha kapena ayi. Zimenezi n'zovuta kunamizira, ndipo zikayesedwa poyera, pamaso pa amisiri ochokera kunja kwa kolejiyo, mpata wa kalata ya nyakwawa kapena foni ya phungu umachepa. Tikudziwa tonse mmene mindandanda ya thandizo imasinthira usiku.

Ena adzati munthu si mbewu, ali ndi miyendo: mukamuphunzitsa athawira ku Joni kapena ku migodi ya malasha ku Tete. Zoona, ena adzapita. Koma amene amapita kwambiri ndi amene alibe poyambira kwawo. Thandizolo likhale ndi pangano loti akamaliza adzaphunzitse kapena kugwira ntchito m'boma lakwawo zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pomaliza apatsidwe bokosi la zipangizo kuti asabwerere chimanjamanja. Makoleji a m'madera amavutika kupeza aphunzitsi ololera kukhala kotentha kuno. Mwana wobadwira ku Chiromo kutenthako sakuona chachilendo, ndipo amalankhula Chisena ndi Chimang'anja cha ophunzira ake.

Ndalama zake sizochita kukapempha kutali. Msonkho wa TEVET ulipo kale, ndipo makampani a kuchigwa kuno amaperekako. Mu 2021 World Bank inavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya SAVE yotukula maluso m'makoleji ndi m'mayunivesite. Poyerekeza ndi mtengo womanga nyumba zophunziriramo, kulipirira ophunzira awiri kapena atatu opambana pa luso lililonse kwa Tengani chaka ndi chaka ndi kandalama kochepa. Aphungu a Chikwawa ndi Nsanje akhoza kuyamba ndi kufunsa ku Nyumba ya Malamulo kuti mwa ana amene anamaliza patsogolo m'makoleji a m'madera chiyambire 2015, ndi angati anafika pa dipuloma, ndipo anawalipirira ndani.