Allahyar ndi Mbuzi ya M'mapiri

Makolo ambirife timadandaula ana akamaonera makatuni a Chihindi, poti ena mwa iwo amadzaza ndi nkhani za milungu ya mafano. Tsono nayu kanema amene tingakhale nawo pamphasa n'kuonera limodzi.

Dzina lake ndi Allahyar and the Legend of Markhor. Anatuluka ku Pakistan mu 2018, ndipo anamuwongolera ndi Uzair Zaheer Khan. Amalankhula Chiurdu, chomwe pakamwa chimafanana kwambiri ndi Chihindi.

Allahyar ndi mnyamata wa kumapiri a kumpoto kwa dzikolo. Mlenje wopha nyama mozemba wagwira Mehru, kamwana ka markhor. Imeneyi ndi mbuzi yam'tchire ya nyanga zopotana, nyama yoimira dziko la Pakistan. Mnyamatayo akupulumutsa kambuzika n'kuyamba ulendo wokabwezera kwawo, mlenje ali pambuyo. Panjira akupeza anzawo awiri: Hero, mbalame yonga nkhwali, yolongolola zedi, ndi Chakku, mwana wa kambuku wa m'mapiri ozizira. Mbuzi kuyenda ndi kambuku! Apa ana amaseka, koma Mehru sakhulupirira Chakku msanga, ndipo ife sitikumudzudzula.

Poonera tinakumbukira zomwe tinaphunzira ku madrasa, kuti Mtumiki (SAW) anafotokoza za mayi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala. Tinakumbukiranso malegeni ali m'matumba a anyamata athu. Kanemayu akatha, afunseni kuti mbalame ija anailasa dzulo anadya kapena anangoitaya.