Chifukwa chake filimu yakale imaoneka yotopa

Mu filimu yakale mumakhala zinthu ziwiri zosiyana: zimene opanga anachita dala, ndi zimene zaka zinawononga. Munthu woonera koyamba amazisakaniza n'kunena kuti akale sankadziwa kujambula. Ntchito ya okonzanso mafilimu imayambira pa kuzilekanitsa.

Kwa Amalawi okhala ku Elsburg chitsanzo chili pakhomo. Tawuniyi ili m'dera la Germiston ku South Africa, kumene Ken Gampu anabadwira mu 1929. Gampu ndiye katswiri mu Joe Bullet, filimu ya mu 1973 imene Louis de Witt anatsogolera ndipo Tonie van der Merwe anapanga. Nkhani yake si yovuta: zigawenga zikuopseza timu ya mpira ya Eagles fainolo ili pafupi, ndiye akuluakulu a timu aitana Joe Bullet, mwamuna wa karate ndi mfuti. Boma la tsankho silinakondwe kuona munthu wakuda ali ndi mfuti m'manja, akuyendetsa galimoto yapamwamba. Filimuyo inaletsedwa itangoonetsedwa kawiri m'holo ya kanema ya Eyethu, ku Soweto, ndipo inakhala m'zitini zaka pafupifupi 40. Kampani ya Gravel Road ya ku Cape Town ndiyo inaikonzanso, n'kuionetsa ku Durban mu 2014 ndi ku Berlin mu 2015. Gampu anali atamwalira kale mu 2003.

Filimu ya nthawi imeneyo ndi lamba wautali wa pulasitiki wokhala ndi tizithunzi tondondozana. Makina amadutsitsa tizithunzi 24 pa sekondi iliyonse, choncho filimu ya mphindi 90 ili ndi tizithunzi 129,600. Lambayo akamadutsa m'makina, kamchenga kamodzi kokha kamam'kanda kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Mizere yoimirira imene imavina pakanema imachokera pamenepo. Timadontho tothwanima n'kuzimiririka ndi fumbi.

Mtundu nawo umasuluka, koma mosafanana. Chithunzi chimapangidwa ndi utoto wa mitundu itatu, ndipo wobiriwira ngati thambo ndi wachikasu ndiwo umayamba kutha, wofiirira n'kutsala. N'chifukwa chake bwalo la mpira limene linali ndi udzu wobiriwira limaoneka ngati lapsa, nkhope za anthu zili psuu. Choopsa kwambiri ndi kutentha ndi chinyezi. Lamba akayamba kuwola amatulutsa fungo la viniga, amafota n'kupindika. Wokonza akatsegula chitini amayamba wanunkhiza asanayang'ane, ndipo chitini chonunkha amachipatula msanga chifukwa mpweya wake umafulumizitsa kuwola kwa zinzake.

Zonsezi ndi matenda, ndipo zambiri zimachizika. Lamba amatsukidwa, mong'ambika amalumikiza, kenaka kachithunzi kalikonse kamajambulidwa pakokha n'kulowa mu kompyuta. Mizere ndi madontho zimafufutidwa, mitundu imabwezeredwa poyerekeza ndi zinthu zodziwika kale monga khungu, thambo ndi malaya oyera.

Koma pali zina zimene si matenda. Timchenga tonyerenyetsa pachithunzi chonse, makamaka pamalo a mdima, ndi mmene filimu imagwirira kuwala. Wokonza wopupuluma akatichotsa tonse, nkhope zimasalala ngati zidole za m'sitolo ya zovala. Mipata yakuda m'mbali mwa kanema ikutanthauza kuti chithunzi chinajambulidwa pa muyeso wina, ndipo kuchikoka kuti chidzaze sikirini kumangonenepetsa anthu. Milomo ikasemphana pang'ono ndi mawu, kawirikawiri n'chifukwa chakuti opanga a ndalama zochepa ankajambula mawu pambuyo pake m'chipinda. Phokoso la nkhonya nalo linkawonjezeredwa, n'chifukwa chake zibakera zonse zimalira mofanana. Amene anakulira m'mavidiyo sho a ku Ndirande kapena ku Mchesi phokoso limeneli amalidziwa bwino kuchokera m'mafilimu a Bruce Lee.

Chimene chimatopetsa achinyamata kwambiri ndi liwiro. Galimoto imafika, munthu n'kutsika, kutseka chitseko, kuyenda mpaka pakhomo, kamera ili pomwepo. Filimu yotsika mtengo inkachita izi pofuna kukwanitsa utali, komanso anthu ankaonera pagulu m'holo, akukuwa ndi kuyankha, motero mpata wotere sunkaoneka wautali. Paja South Africa inalibe wailesi ya kanema mpaka mu 1976. Lero mphindi zomwezo zili ndi phindu lina: mu filimu ngati Joe Bullet, m'mbuyo mwa ochita sewero mumaoneka misewu, zikwangwani, mabasi ndi zovala za ku Joni za zaka zimene azigogo ambiri a ku Malawi ankagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela. Pafoni zinthu zimenezi zimachepa mpaka kusowa, ndipo zimaoneka bwino pa sikirini yaikulu, magetsi atazimitsidwa.